A Hara ndi Chigongono cha Towera

A Hara tinawaika masabata awiri apitawo, kwawo kufupi ndi Manyamula, pambali pa khola la ng'ombe monga amagonera amuna akuluakulu a kuno. Olankhula analankhula. Mkulu wa mpingo anati malemuwa anali munthu wofatsa, ine n'kuyang'ana pansi kuopa kuseka pamaliro, chifukwa pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito m'chipatala kufatsako sindinakuonepo. Wina anatchula midzi imene a Hara anachiritsako ana, kuyambira ku Jenda mpaka ku Edingeni. Palibe amene anatchula Towera Shaba, chonsecho anali pomwepo pakati pa amayi, dzanja lake lamanzere atalibisa m'chitenje. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti a Hara, akanafunsidwa za moyo wawo, akanayambira pa iyeyo.

Ine ndinabwera kuno ndili mtsikana, namwino wotumizidwa kuchokera kwathu ku Dedza, Chitumbuka osadziwa ngakhale moni. Chipatala chathu chinali chaching'ono, kummwera kwa boma la Mzimba. A Hara anali medikolo asisitanti, koma anthu ankangoti adokotala a mafupa. Anali aafupi, a mutu waukulu, makutu otambalala, mano otsogola. Okha ankanena kuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yawo inali mafupa a ana. Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kumanga mfundo yosamasuka. Ndinati kusukulu sanatiphunzitse. Anati ndiye kuti kusukuluko ndinangokatha nyemba za boma. Dzina langa sanalifunse n'komwe. Anangonditcha NyaDedza, ndipo mpaka lero adzukulu anga amaganiza kuti ndilo dzina langa.

Kuno ana amathyoka chigongono nyengo ziwiri: mango akapsa, ndi nthawi yotuta chimanga pamene amakwera pamwamba pa ngolo. Mwana amagwa atatsogoza dzanja, fupa n'kuthyoka pamwamba pang'ono pa chigongono, zidutswa n'kusemphana. Amafika mkono utatupa, wonyezimira, akulira mpaka mawu kutha. Njira zothandizira ndi ziwiri. Ina ndi kupita naye ku fiyeta, kumugoneka tulo, kucheka, kubwezera fupa m'malo n'kuligwiriza ndi waya. Inayo ndi imene a Hara ankaikonda ngati mkazi wawo wachiwiri. Ankamugoneka mwana chagada, kumata mkono ndi pulasitala, kumangapo chingwe, chingwecho n'kuchidutsitsa pa mtanda wa bulugamu umene anakhoma pamwamba pa bedi, kunsonga kwake n'kulendewetsa chitini cha mchenga. Kulemera kwa chitinicho kunkakoka fupa pang'onopang'ono mpaka libwerere kwawo. Masabata atatu mwana ali chigonere, kenako amuika chikhakha, n'kumapita.

Mchengawo ankauyeza ndi supuni. Amatha kuima pa bedi la mwana nthawi yaitali, mutu uli pambali, kenako n'kuchotsa supuni imodzi yokha m'chitini, n'kuchoka. Chitini chimenecho munthu wina sankachikhudza. Mayi wina wokolopa anachisuntha kuti adutsitse chikolopo, ndipo phokoso limene linabuka linamveka mpaka kwa odwala akunja. Madzulo ake a Hara anamutumizira nthochi, koma kupepesa ndi pakamwa ayi. Ife anamwino anatiphunzitsa kutsina chikhadabo cha mwana mpaka chiyere, n'kuona ngati magazi akubwerera msanga. Ankati fupa limadikira koma magazi sadikira, ndipo namwino wopezeka atadumpha ola limodzi osatsina ankalakalaka nthaka itamumeza.

Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti fupa la mwana lili ndi nzeru zakezake, limadziwa kumene linachokera, ndipo ntchito ya munthu ndi kulisonyeza njira, osati kulitsegulira ndi mpeni. Mpeni, iwo ankatero, ndi wa mbuzi ndi nkhuku. Izi sankangozinena m'wodi. Ankazinena kutchalitchi, pamsika wa Jenda akugula anyezi, pamaliro, pa ukwati, ngakhale kwa munthu amene wangowafunsa njira. Anthu anawakonda mawu amenewa kuposa mmene ankawakondera mwini wake, chifukwa fiyeta ankaiopa kale. Ankati amene walowa m'chipinda chimenecho amayamba wafa kaye, ndipo si onse amene amadzuka. Tsopano apa panali munthu wa chipatala, wovala khoti loyera, akuwauza kuti mantha awo ndi nzeru.

Sikuti a Hara ankalankhula zopanda mutu. Masiku amenewo fiyeta yathu inali dzina chabe. Chophikira zipangizo chinkayendera palafini, ndipo palafini ankasowa. Kunabwera dokotala wina wachinyamata, wangotsika kumene ndege kuchokera kusukulu za kunja, manja akumuyabwa. Iye ankati kugoneka mwana masabata atatu pa chingwe ndi zachikale, bedi limafunika ndi ena, ndipo fupa logwiriza ndi waya limakhala pamalo pake penipeni. A Hara ankati fupa lokhota pang'ono limawongoka mwana akamakula, koma fupa lolowa mafinya limatuluka zidutswa mpaka mwana kumera ndevu. Ankakangana pamutu pa wodwala, wina Chingerezi cha m'buku, wina Chingerezi cha ku mishoni, akapsa mtima a Hara n'kumaliza m'Chitumbuka. Dokotalayo anawatcha msing'anga wa zitini. Iwo anamutcha wogulitsa nyama. Kunena zoona, pa ana ambiri amene ndinawaona, a Hara ndiwo ankakhoza, ndipo ankadziwa kuti akukhoza. Chimenechi ndicho chinawaononga.

Amene anawadziwa a Hara atakalamba sangakhulupirire kuti ndikunena munthu yemweyo. Iwo anadziwa mkulu wosalankhulalankhula, woyenda akuyang'ana mikono ya ana a eni. Mkazi wawo, NyaMoyo, anandiuza pamaliropo kuti anakwatiwa ndi amuna awiri m'thupi limodzi, woyamba wosatseka pakamwa, wachiwiri wofunika kumupempha kuti ayankhe moni. Anati malire a awiriwa anali chaka chimene kunabwera kamtsikana ka a Shaba.

Towera anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anagwa pa ngolo kwawo cha ku Edingeni, ndipo amayi ake, NyaTembo, anabwera naye tsiku lachitatu, akuyenda yekha, akudya chinangwa ndi dzanja linalo. Chigongono chinatupa pang'ono chabe, mbali yakunja. Ine ndinaganiza kuti wangobinya. Mwamwayi sabata imeneyo makina ojambulira mafupa anali ndi mafilimu. A Hara anatenga chithunzicho n'kupita nacho pawindo, ndipo anakhalitsa pamenepo kuposa masiku onse. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anandituma kuti ndikaitane dokotala uja.

Awiriwo anayang'ana chithunzi mitu itagundana, osakangana. Fupa silinathyoke pamene limathyokera ana ambiri. Kanabenthuka kachidutswa kakunja, m'mfundo mwenimweni mwa chigongono, ndipo minofu inakakoka mpaka kutembenuka, mbali yake yosalala n'kuyang'ana pa bala. Kachidutswa kotero sikalumikizana ngakhale ukoke ndi matumba a mchenga. Kamafuna munthu atsegule, akatembenuze ndi dzanja, akagwirize ndi waya, ndipo ziyenera kuchitika masabata awiri kapena atatu asanathe. Kukachedwa, kamauma pomwepo. Ife tinalibe waya, ndipo wogoneka odwala tulo pa opaleshoni anali atasamutsidwa. Dokotala analemba kalata yotumiza mwanayo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, ndipo galimoto yathu inali yoti ipita Lachinayi. Chinatsala ndi chala cha kholo pa fomu.

A Hara anawafotokozera NyaTembo bwinobwino, kawiri. Mayiwo anamvetsera atagwada, kenako anabisa manja onse kumbuyo.

"Yayi, adokotala. Mwana uyu si wanga ine."

Ine ndinalowerera. "Si wanu bwanji, mayi? Munabereka ndani?"

"Kubereka ndinabereka, asisitala. Koma ng'ombe za lobola zinapita kwathu, mwana ndi wa a Shaba. Awiske ali ku Joni. Ndikadinda chala ine, mbwenu mwana osadzuka, ndikayowoya vichi kwa eni ake, ndikawauza chiyani?"

Kwathu ku Dedza mwana ndi wa mayi ndi amalume ake, choncho mawu amenewa anandiwawa ngati andiponda pachilonda. Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja n'kulidinditsa ndekha. A Hara anandiyang'ana diso limodzi, ine n'kukumbukira kuti kwa eni kulibe mkuwe. Bambo a mwanayo, awiske aja, anali kumigodi chaka chachinayi. Mawu a pakhomo anali m'manja mwa akulu awo, a Shaba aakulu, ndipo a Hara anati palibe vuto, amenewo amadziwana nawo. Ananena monyada ndithu. Anali atachiritsa mwana wawo zaka zapitazo.

Mawa lake linali tsiku la sikelo kumbali imeneyo, ndiye tinakwera nawo galimoto ya sikelo, n'kutsikira panjira, n'kuyenda wapansi. Ndikanakonda ndikanati a Shaba anali munthu woipa, nkhani ikanaphweka. Anali bambo waulemu, wolankhula pansipansi. Atangowaona a Hara anavula chipewa, anatulutsa mpando wa ndalema, n'kuuza ana kuti agwire nkhuku. Anamvetsera zonse osadula mawu. A Hara anakweza chithunzi padzuwa, anthu osaonapo kanthu. Ndiye anatola mtedza pa lichero, anauswa pakati, natembenuza khoko limodzi chagada n'kuliyandikiza ku linzake.

"Onani, adada. Zikakhala chonchi, mungazikoke chaka chathunthu, sizingagwirane. Pakufunika dzanja lilowe, litembenuze."

A Shaba anagwedeza mutu ngati amva. Kenako anaitana mwana wawo Yotamu, amene tsopano anali mnyamata wamkulu womanga ng'ombe pagoli yekha, n'kumuuza kuti apinde mkono. Yotamu anapinda, natambasula, napindanso, akuseka.

"Uyu, adokotala, munamuona nokha. Mkono unatupa ngati ntchafu, fupa likuoneka pakhungu. Dokotala wina anati tichite opaleshoni. Inu munati yayi, mpeni ndi wa mbuzi. Munamangirira chitini, lero ndi uyu. Sono ka Towera kakusewera, kutupa kwake n'kochepa chomene. Chachikulu munachiritsa ndi mchenga, chaching'ono mukuti mpeni?"

"Kuthyoka kwake n'kosiyana, adada."

"Ife sitinapite kusukulu. Ife tinaphunzira kwa inu. Pamaliro a amama munakhala apo, pansi pa mtengo uwo, mukutiuza kuti tisalole munthu kucheka mwana." Kenako anafunsa mopanda mwano, ngati munthu amene akufunadi kudziwa. "Kasi munkatinamiza kale, kapena mukutinamiza lero?"

 A Hara anatsika pampando, munthu wamkulu, wovala tayi, nagwada pafumbi pamaso pa amayi ndi ana. "Ndapota, adada. Ndinalankhula mopitiriza muyeso. Ndapota chomene, ndipatseni mwanayu."

A Shaba anachita manyazi, anawadzutsa ndi manja awiri. Anati iwo sangalole kuti mwana wa mng'ono wawo achekedwe mwini wake asakudziwa, chifukwa mwana wa mnansi wawo anagonekedwa tulo kuchipatala china osadzukanso, ndipo abale a banja limenelo salankhulana mpaka lero. Koma chifukwa cha ulemu wa a Hara, alemba kalata ku Joni tsiku lomwelo. Mng'ono wawo akavomera, iwo adzanyamula mwanayo pamsana mpaka ku Lilongwe. A Hara anatsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kunena kuti kalatayo alembe ndi iwo. Sananene. Kuno mlendo salembera mwamuna kalata yokhudza pakhomo pake modumpha mkulu wake, kumeneko n'kunena kuti mkuluyo ndi wabodza. Anangothokoza. Tinadya nkhuku ija.

Pobwerera tinakangana, ndipo mkangano umenewo sunathe mpaka imfa yawo. Ine ndinati kalata ya ku Joni kupita ndi kubwera ndi miyezi, mkono sudikira. Ndinati tikangowauza atcheyamani a chipani kuti kuli banja likukana thandizo la boma, mwanayo afika pachipatala dzuwa lisanalowe, fomu itadindidwa kale. Masiku amenewo mawu otero ankagwira ntchito msanga kuposa jakisoni. A Hara anaima panjira.

"Ndiye tipulumutsa mkono, NyaDedza. Nanga a Shaba akagona kuti? Iwe ukudziwa kuti anyamata achipani aja akatenga munthu sanena tsiku lobwera naye."

"Bola amenyedwe mbama ziwiri mwana akhale ndi mkono."

"Mbama ziwiri wawerenga ndiwe? Ndipo mawa ndani adzabweretse mwana kwa Hara, atamva kuti Hara amaitana achipani?"

Ndinawauza kuti ndi amantha, ndipo akuteteza dzina lawo, osati mwana. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kuyenda. Mwezi wathunthu tinkangolankhulana za ntchito.

Lachinayi galimoto inapita ku Lilongwe yopanda Towera. Linalo inapitanso. NyaTembo anakhala m'wodi ndi mwana wawo, akuona ana ena atagona ndi zitini zawo, ndipo tsiku lililonse ankawapempha a Hara kuti wawonso amumangirire, podikira kalata. A Hara anakana. Anamuika chikhakha kuti ululu uchepe, koma chitini anati ayi, sangalendewetse mchenga pa mkono umene akudziwa kuti mchenga suuthandiza, kungoti anthu aone ngati akuchitapo kanthu. Zimenezi anthu sanazimve choncho. Kumudzi kunamveka kuti a Hara anakwiya chifukwa chokanidwa, ndiye anamumana mwana mankhwala awo enieni. Alipo a kwa Shaba amene amakhulupirira zimenezo mpaka lero.

Yankho linafika patapita masabata asanu ndi awiri. A Shaba anabwera nalo okha pa njinga, nalipereka ndi manja awiri, envelopu yosatsegula, kuti a Hara aone kuti palibe chinyengo. A Hara anawerenga mokweza ataima pakhonde, ine ndili pambali. Zinapezeka kuti a Shaba m'kalata yawo analemba zoona zokhazokha, kuti mwana wathyoka ndipo achipatala akufuna kumucheka. Sanaganize zotchula kuti wachipatalayo ndi ndani. Bambo a Towera anayankha kuti asalole zimenezo ngakhale pang'ono. Anati amuchotse m'manja mwa anthu amenewo, apite naye kwa a Hara, amene amalumikiza mafupa popanda mpeni, ndipo chilichonse chimene a Hara anene, achite chomwecho.

A Shaba atamva anati, "Mbwenu walola. Wati timvere inu. Tiyeni tipite naye ku Lilongwe."

A Hara anapinda kalatayo bwinobwino n'kuibweza. Anati nthawi yatha. Kachidutswa kaja kanali katauma kale pamalo polakwika, ndipo kukasokonezanso tsopano kukanangokapha. Analowa m'chipinda chawo cha zikhakha natseka chitseko, odwala ali pamzere. Aka kanali koyamba kuti atseke chitseko chimenecho masana.

Choipa cha kuthyoka kumeneku n'chakuti kumayamba kwakunyenga. Towera anavula chikhakha, ululu unatha, anabwerera kukasewera fulaye ndi anzake. A kwa Shaba ankati mwaona, tikanangomuchekera chabe mwana. A Hara sankatsutsa. Chaka chilichonse anthu akakolola ankapalasa njinga mpaka ku Edingeni, osaitanidwa, kukayang'ana mkonowo. Ankauona ukupatuka pang'onopang'ono, chigongono chikukhotera kunja mwana akamakula. Atatha msinkhu, mtsempha wodutsa kuseri kwa chigongono unayamba kukokeka. Zala ziwiri zakumapeto zinachita dzanzi. Tsiku lina anapsa ndi chikuni osamva, anangomva fungo. Kenako zalazo zinapindika, dzanja linaphwa mpaka mafupa kuonekera, musi unayamba kumupulumuka posinja. Bambo ake atabwerako ku Joni, a Hara anawakakamiza mpaka anapita naye ku Lilongwe. Kumeneko anausuntha mtsemphawo, koma anati abwera mochedwa. Towera anakwatiwa anzake onse atatha, ndi bambo wina wamkulu amene mkazi wake anamwalira.

Chiphunzitso chija a Hara sanachinenenso. Zitini anapitiriza kumangirira, chifukwa kwa ana ambiri zinali zoyenerabe, koma ankachita mwakachetechete, ndipo mwana aliyense wa chigongono sankamukhudza asanaone chithunzi. Mafilimu akatha ankapita okha ku boma kukapempha, n'kukhala pa benchi ya ofesi mpaka wina atope nawo. Dokotala uja asanasamuke anapita kukatsanzika, ndipo a Hara anamupatsa tambala. Anamuuza kuti wogulitsa nyama nayenso ali ndi tsiku lake, kungoti asamayese kuti ndi tsiku lililonse.

Nthawi ina, atadwala kale matenda amene awatengawa, ndinapita kukawaona. Anali atawonda, makutu okha osasintha. Tinacheza za mvula ndi za ana. Ndikutsanzika anandigwira mkono. "NyaDedza, kodi umaganizabe kuti ndikanaitana atcheyamani?" Ndinati sindikudziwa. Anati iwonso sakudziwa, ndipo zaka zonsezi akhala akudzifunsa. Koma chimene chimawapweteka kwambiri si chimenecho. Anati tsiku lija akanangonena mawu atatu, akuti munditchule dzina m'kalatamo, a Shaba sakanakhumudwa n'komwe. Ulemu unawatseka pakamwa tsiku lokhalo limene anayenera kulankhula, iwo amene analankhula zaka makumi awiri osapuma. Ndinalira pamenepo, ndipo ndinawapepesa chifukwa chowatcha amantha. Anati ndisapepese, mwina ndinkanena zoona.

Pamaliro paja, anthu atayamba kubalalika, ndinakakhala pafupi ndi Towera. Tsopano ndi mayi wa ana atatu. Ndinamufunsa ngati anawasungira mangawa a Hara. Anadabwa.

"Mangawa a vichi, amama? Munthu ankabwera chaka chilichonse, njinga yake yakuthaitha. Amafika, moni pang'ono, mbwenu watulutsa singano. 'Tsinzina, Towera.' Ndiye amandibaya zala kuti ndinene ngati ndamva. Zaka zonsezi ine kumangoti yayi, yayi, iwo n'kumapita." Anatulutsa dzanja lija m'chitenje, naliika pamwendo. "Chaka chatha anabwera atatopa chomene, njinga akukankha. Ndinawamvera chisoni. Nditatsinzina ndinati, 'Enya, adada, ndamva! Ndamva pang'ono!' Kuti nawonso apumule."

"Anakhulupirira?"

"Anaseka. Anati, 'Yewo, mwana wanga. Koma ndinali ndisanakubaye.'"

Atapuma pa ntchito, a Hara sanakhale pakhomo ngati anzawo. Pageti la chipatala pali mtengo wa jakaranda, ndipo pansi pake panali chipika chimene anachigubuduza okha kuchokera kumacheka. M'mawa uliwonse wa nyengo ya mango ndi yokolola ankakhala pamenepo ndi ndodo yawo, opanda malipiro, opanda khoti loyera. Ntchito yawo inali imodzi. Akaona banja likutuluka ndi mwana womangidwa mkono m'khosi, nkhope zitagwa, ankadziwa kuti auzidwa za opaleshoni ndipo akuthawa. Ankawaitana, kuwakhazika pansi, kupempha chithunzi, n'kuchikweza padzuwa. Ena ankawauza kuti musaope, ichi n'cha chitini. Ena ankawauza kuti bwererani mukadinde, ndine Hara amene ndikunena, ndipo ngati munamva zina kwa ine kale, ndinalakwa. Anthu ankabwerera, chifukwa mawu a Hara ankatha kuwafafaniza ndi Hara yekha. Alonda ankawaseka kuti ndi fomu yoyenda ndi miyendo.

Dzulo ndinapita kuchipatalako kukatenga mapiritsi anga a magazi. Mango ayamba kupsa. Chipika chilipo, chosalala pamwamba pomwe ankakhala, ndipo pansi pali kadzenje kamene nsonga ya ndodo yawo inakumba. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa waikapo beseni lake. Ndili chiimire, pageti panatuluka agogo aamuna, mayi wachitsikana, ndi kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, mkono uli m'nsalu, chigongono chotupa pang'ono mbali yakunja. Mayiyo anali ndi envelopu yaikulu ya chithunzi, ndipo ankayenda akucheuka. Ndinawathamangira monga mmene mawondo anga akanalolera, ndinapereka moni, n'kufunsa chimene adokotala anena.

"Akuti opaleshoni," anatero agogowo. "Ise tikupita kunyumba. Ise tinaphunzitsidwa ndi a Hara."

Ndinawauza kuti ndinagwira nawo ntchito a Hara zaka zambiri, kuti iwo anasintha maganizo, kuti kuthyoka kwina kumafunadi mpeni, kuti akanakhala pano akanawabweza okha. Agogowo anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Anamva Chichewa changa cha ku Dedza, anayang'ana envelopu imene ine sindikanatha kuwawerengera ngati mmene ankachitira mwini wake.

"Yewo, amama. Koma zimenezo tikanamva kwa iwo eni."

Anatembenuka kuyang'ana pansi pa jakaranda, nanenso ndinayang'ana. Panali beseni la zitumbuwa. Anamukweza mwanayo pa kaliyala ya njinga, mayi ake akumugwirizira mkono, n'kulowera njira ya ku Manyamula.